Wodziwa kumva kulira kwa nthaka ndiye atchula mtengo

Aliyense amene anakulira mu komboni adziwa kugogoda dramu. Madzi akavuta ku pompi, suchita kutsegula chivundikiro kuti uone ngati atsalamo. Ungogogoda m'mbali ndi chala, kuyambira pamwamba kutsikira pansi, ndipo pamene kulira kwasintha, pamenepo ndiye pafika madzi. Amai ogula chivwende pa Soweto Market nawonso achita chimodzimodzi: amenya pang'ono, atchera khutu, adziwa ngati chapsa. Kusukulu palibe anatiuza kuti imeneyi ndi sayansi, koma ndi sayansi ndithu. Ndiyo imene makampani akuluakulu agwiritsa nchito pofuna kudziwa miyala imene ili makilomita atatu pansi pa mapazi athu. Akatswiri aitcha seismic.

Timakonda kukamba kuti Zambia ndi dziko lolemera, kuti chuma chili m'nthaka. Tikamba zimenezi pa wailesi, pa Facebook, ngakhale mu minibasi. Koma pali funso limene sitifunsa kawirikawiri: ndani adziwa pamene chumacho chili, kuchuluka kwake, ndi kuya kwake? Ife maganizo athu ndi akuti munthu amene adziwa kuwerenga zimene nthaka yayankha ikagogodedwa ndiye mwini weniweni wa malonda. Ngati ugulitsa ng'ombe imene sunaione, mtengo uuzidwa ndi wogula. Choncho zonse zimene zapimidwa pansi pa dziko lathu ziyenera kusungidwa kuno, ndipo achinyamata a kuno ayenera kuphunzira kuziwerenga.

Tiyeni tiyambe ndi mmene nchitoyi imayendera, chifukwa si matsenga. Akatswiri ayala chingwe chachitali pansi, kapena tumakina topanda chingwe, n'kuzika m'dothi tuzipangizo tokhala ngati makutu totchedwa ma geophone. Akatero agwedeza nthaka. Pa nchito yaing'ono amenya hamala yaikulu pa chitsulo chogoneka pansi. Pa nchito yaikulu abweretsa magalimoto olemera amene atsitsa chimbale chachitsulo n'kunjenjemeretsa nthaka, kapena aphulitsa zophulika m'tumaenje. Kunjenjemerako kutsika pansi ngati mafunde. Kukafika pamene mwala wa mtundu wina wakumana ndi mwala wa mtundu wina, gawo lina la mafundewo libwerera kumwamba, monga mmene mau amabwererera ukakuwa pafupi ndi phiri. Ma geophone amva, ndipo kompyuta ilemba nthawi imene mafunde atenga popita ndi pobwera.

Chinsinsi chagona pa liwiro. Mu mpweya, mau ayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. M'madzi ayenda mamita pafupifupi 1,500. M'dothi louma lofewa ayenda mamita mazana ochepa chabe, koma m'thanthwe lolimba ngati granite afika mamita 5,000 mpaka 6,000. Mwala uliwonse uli ndi kayendetsedwe kake ka mafunde, monga mmene ng'oma iliyonse ili ndi kaliridwe kake. Akasonkhanitsa mayankho a ma geophone zikwi zambiri, patuluka chithunzi cha mizere yakuda ndi yoyera yosanjikana, yokhala ngati wadula keke n'kuyang'ana m'mbali mwake. Pamene mizere yapindika ngati mbale yovundikira, mwina mafuta kapena gasi anakodwa pamenepo. Pamene mizere yaduka, mbali ina n'kutsika, pali mng'alu umene nthaka inathyoka kalekale.

Apa ndiye pali mfundo imene ambiri aiphonya. Chithunzi chimenechi si foto ya miyala. Makinawo sapima kuya, apima nthawi. Tinene kuti mafunde abwerera patapita masekondi awiri, ndiye kuti sekondi imodzi popita, ina pobwera. Ngati woŵerenga aganiza kuti miyala ya pamalopo iyendetsa mafunde mamita 3,000 pa sekondi, anena kuti mwala umene afuna uli mamita 3,000 pansi. Mnzake akaganiza kuti liwiro ndi 3,300, anena kuti uli mamita 3,300 pansi. Manambala ochokera ku makina ndi amodzimodzi, koma anthu awiriwa asiyana ndi mamita 300, ndipo mita iliyonse yobowola imadya ndalama zambiri. Zili ngati sikani ya mai woyembekezera kuchipatala. Tonse tingayang'ane pa sikirini, koma ife tiona utsi chabe, pamene wophunzira nchitoyo aona mutu, msana ndi mtima wa mwana. Makina agogoda, koma womasulira ndi munthu. Ndipo zimene wamasulira zikhalabe zongoganizira mpaka atabowola n'kutulutsa mwalawo kuti augwire m'manja.

Kuti tione mphamvu ya kuwerenga kumeneku, tikumbuke kuti dzenje lakuya koposa limene anthu anabowolapo, la ku Kola ku Russia, linafika mamita 12,262 chabe. Zonse zimene dziko lapansi lidziwa za pansi kuposa pamenepo zinachokera makamaka ku mafunde a zivomezi. Mu 1909, Andrija Mohorovičić wa ku Croatia anayang'ana mapepala olembedwa ndi makina pa chivomezi cha kwawo, n'kuona kuti mafunde ena anafika msanga kuposa mmene anayembekezera. Anazindikira kuti makilomita pafupifupi 50 pansi pali malire, ndipo kupitirira pamenepo miyala ndi yolimba kwambiri. Mu 1936, Mai Inge Lehmann a ku Denmark anaphunzira mafunde a chivomezi chimene chinachitika ku New Zealand mu 1929, n'kuonetsa kuti pakati penipeni pa dziko, makilomita oposa 5,000 pansi, pali chimake china mkati mwa chitsulo chosungunuka. Maiwa sanakumbe dzenje ngakhale limodzi. Anali ndi mapepala amene anzawo analinso nawo, koma iwo anawawerenga bwino.

Wina anganene kuti izi ndi za ku Ulaya. Ndiye tiyeni tibwere pafupi, ku Muzarabani, m'chigwa cha Zambezi mbali ya Zimbabwe. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya Mobil inagogoda nthaka ya kumeneko n'kulemba zimene inamva, koma inachoka osabowola. Patapita zaka zoposa makumi awiri, kampani yaing'ono ya ku Australia yotchedwa Invictus Energy inatenga manambala akale omwewo n'kuwawerenganso ndi makompyuta a masiku ano. Inaonjezerapo kupima kwina mu 2021, inabowola chitsime choyamba mu 2022, ndipo mu December 2023 inalengeza kuti yapeza gasi pa chitsime cha Mukuyu-2. Kupeza gasi sikutanthauza kuti mawa ayamba kugulitsa, chifukwa pafunika zitsime zina zotsimikizira kuchuluka kwake. Koma phunziro n'loonekeratu: zimene nthaka inayankha sizikalamba. Chimene wina anaona ngati chopanda phindu, wowerenga wachiwiri angapezemo chuma.

Ife kuno tili ndi mbiri yofanana. M'zaka za m'ma 1980, kampani ya Placid Oil inapima chigwa cha Luangwa ndi njira yomweyi, inabowola zitsime ziwiri, ndipo sinapeze mafuta ogulitsa. Sitikunena kuti ku Luangwa kuli mafuta, ndipo ngakhale akanakhalako, nkhani ya nyama zakutchire ndi anthu okhala m'chigwacho ikanafunika kukambidwa mozama. Chimene tikunena n'chakuti mizere imene inalembedwa nthawi imeneyo ndi chuma cha dziko. Ionetsa mmene miyala yasanjikirana pansi pa Chama ndi madera ozungulira, kumene kuli ming'alu, ndi kuya kwa chigwacho. Mwana wa ku Chipata amene aphunzira geology pa UNZA ayenera kukhala ndi mwayi woitsegula pa kompyuta n'kuphunzirirapo za nthaka ya kwawo, m'malo mophunzirira pa zitsanzo za Texas chabe.

Nkhaniyi yafika povuta chifukwa cha kopa. Kale kopa anali kudzionetsa yekha. Makolo anali kukumba ku Kansanshi zaka mazana ambiri azungu asanabwere, potsatira miyala yobiriwira ya pamtunda. Nkhani ya ku Luanshya imati mu 1902 William Collier anawombera nyama imene inagwera pa mwala wa kopa, n'chifukwa chake mgodiwo unatchedwa Roan Antelope. Masiku amenewo anapita. Kopa wa pamwamba anapezeka kale, ndipo wotsala wabisala pansi. Wa ku Mingomba pafupi ndi Chililabombwe, amene KoBold Metals inalengeza mu 2024, ali kupitirira kilomita imodzi pansi, ndipo kampaniyo inadalira kwambiri mapu ndi malipoti akale a za miyala, n'kuwalowetsa mu kompyuta. Boma lati lifuna kuti pofika 2031 tizitulutsa matani 3 miliyoni a kopa pa chaka, pamene mu 2024 tinangopitirira pang'ono matani 800,000. Mu 2024 momwemo linayambitsa nchito yopima dziko lonse ndi ndege. Ndegezo sizigogoda nthaka, koma zipima mphamvu ya maginito ndi zizindikiro zina za miyala. Njira ndi zosiyana, koma funso ndi limodzi: manambala akatuluka, awerenga ndani?

Tinadutsamo kale m'njira yotere. Mpaka usiku wa pa 23 October 1964, kutatsala maola ochepa kuti tilandire ufulu, umwini wa miyala ya pansi pa dziko lino unali m'manja mwa British South Africa Company, imene inatsamira pa mapangano akale monga aja a Lochner ndi Litunga Lewanika a mu 1890. Kuti kampaniyo isiye, inalandira mapaundi 4 miliyoni, theka kuchokera ku Britain, theka kuchokera ku Zambia. Agogo athu anamenyera pepala la umwini ndipo analipeza. M'badwo wathu uli ndi pepala lina lomenyera, pepala la chidziwitso. Lamulo lingalembe kuti miyala ndi ya Zambia, koma ngati pa tebulo la zokambirana mbali imodzi yokha ndiyo idziwa zimene zili pansi, ife tidzasaina mokhulupirira chabe.

Pali zotsutsa zimene tiyenera kuzimva mwachilungamo. Choyamba n'chakuti kampani ndiyo imalipira. Kupima nthaka kumadya madola mamiliyoni, nthawi zambiri osapeza kanthu, ndiye n'chifukwa chiyani ipereke zimene yapeza kwa opikisana nayo? Izi n'zoona, ndipo sitinena kuti alendo athamangitsidwe. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma maiko ena anapeza njira yapakati. Ku Norway, kampani yopima pansi pa nyanja ipereka zimene yapeza ku boma, zisungidwa mwachinsinsi kwa zaka zoikika, kenako zitsegulidwa kwa ena. Kuyambira 1995 ali ndi nkhokwe imodzi ya dziko lonse yotchedwa Diskos. Makampani sanathawe Norway chifukwa cha zimenezi. Wolipira adya choyamba, koma mbale itsala pakhomo.

Chachiwiri n'chakuti manje kuli makompyuta anzeru, ndiye kuphunzira kuwerenga mizere ndi kutaya nthawi. Zoona makina athandiza, ndipo atsata mng'alu m'maola ochepa pamene munthu akanatha milungu. Koma makina aphunzira pa zitsanzo zimene anthu awapatsa, ndipo njira ya seismic inakulira m'nchito ya mafuta, m'miyala yogona mosanjikana bwino. Miyala ya ku Copperbelt inapindidwa ndi kufinyidwa zaka mamiliyoni mazana ambiri zapitazo, moti mafunde amwazikana ndipo chithunzi chituluka chosokonezeka. Pamalo otere pafunika munthu amene anagwirapo miyala ya kumeneko, woti angauze kompyuta kuti apa wanama. Ngati munthuyo sali kumbali yathu, ndiye kuti tilandira yankho la makina a wina popanda wotifunsira mafunso.

Chachitatu ndi chimene timva kwambiri kwa anzathu: ife tifuna nchito ndi chakudya lero, za miyala ya makilomita atatu pansi zitikhudza bwanji? Zitikhudza kuyambira pa mamita khumi oyamba. Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi mapanga ndi ming'alu. N'chifukwa chake madzi a m'zimbudzi zokumba ku Kanyama, Chawama ndi George asakanikirana msanga ndi madzi a m'zitsime zosaya, ndipo tonse tikumbuka mmene Heroes Stadium inasandukira chipatala cha kolera mu January 2024. Ofufuza malo a borehole nthawi zambiri alowetsa magetsi m'nthaka m'malo mogogoda, koma luso lomasulira ndi lofanana. Womanga nyumba yosanja, mlatho kapena damu afuna kudziwa kuti thanthwe layambira pati, ndipo hamala imodzi ndi ma geophone 24 zimuyankha asanakumbe. Imeneyi ndi nchito yolipidwa, ndipo siifuna magalimoto a mamiliyoni.

Palinso nkhani ya moyo. Pa 25 September 1970, ku Mufulira, nthaka inatitimira pansi pa damu la zotsalira za mgodi, matope analowa pansi, ndipo amuna 89 anafa. Mgodi wa Konkola uli m'gulu la migodi ya madzi ambiri padziko lonse. Aliyense amene ali ndi m'bale wotsika pansi adziwa kuti mng'alu umene sunaoneke ungabweretse madzi kapena kugwetsa denga. Ku South Africa, Pulofesa Musa Manzi wa pa yunivesite ya Wits anatchuka chifukwa chowerenganso zopima za seismic za m'migodi yakuya ya golide, n'kuonetsa ming'alu imene ingalowetse madzi ndi mpweya woyaka wa methane kumene anthu agwira nchito. Ndi mwana wa ku KwaZulu-Natal, osati wa ku London. Ngati anakwanitsa iye, palibe chifukwa choti mtsikana wa ku Matero kapena mnyamata wa ku Chimwemwe alephere.

Ndiye tipempha chiyani? Ku boma, tipempha kuti Geological Survey Department ipatsidwe ndalama ndi anthu okwanira kuti chilichonse chimene chinapimidwapo m'dziko lino, chakale ndi chatsopano, chisungidwe mu kompyuta pamalo amodzi. Makampani apereke manambala enieni ochokera ku makina, osati lipoti lomasulira kale chabe, chifukwa lipoti ndi maganizo a munthu mmodzi pamene manambala angawerengedwenso. Nthawi ya chinsinsi ikatha, ophunzira a pa UNZA ndi Copperbelt University aziwapeza osalipira. Ndipo gulu lililonse lopima nthaka yathu lizitenga achinyamata a kuno, osati onyamula zingwe ndi kulambula njira chabe, koma okhala pa kompyuta pamene kumasulira kuchitika.

Kwa ife achinyamata, tisadikire kuti zonsezi zichitike. Amene ali ku sekondale asathawe masamu ndi physics, chifukwa nchito yonseyi yaima pa chinthu chimene tinaphunzira mu giredi 8: mtunda ndi liwiro kuchulukitsa ndi nthawi. Amene ali ndi laputopu adziwe kuti pulogalamu ya OpendTect ili ndi mtundu waulere, kuti zopima za malo otchedwa F3 pa nyanja ya ku Netherlands zipezeka pa intaneti kwaulere, ndiponso kuti mu 2018 kampani ya Equinor inatsegulira aliyense zopima za munda wake wa mafuta wa Volve. Bando imene timathera pa mavidiyo ingatsitsenso phunziro loyamba. Ndi nchito yofuna kufatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma khomo lake n'lotseguka kuposa kale.

Ndipo ngakhale amene sadzagwira nchitoyi ali ndi gawo. Tsiku lina mudzaona uthenga pa WhatsApp wakuti mafuta apezeka m'boma lakuti, kapena munthu adzafika kumudzi ndi mapu a mitundumitundu n'kupempha a mfumu malo. Musathamangire kuombera m'manja, ndipo musathamangire kutukwana. Funsani mafunso atatu. Kodi angopima chabe, kapena abowola n'kutulutsa mwala? Kodi ndani wina, wosalipidwa ndi kampaniyo, amene wawerenga manambalawo? Kodi kope lake latsala ku boma? Mafunso amenewa afunseni kwa khansala, kwa phungu wanu, ndi pa mapulogalamu oimba foni a pa wailesi za m'madera mwathu. Safunsa anadya phula. Amene ali ndi mayankho abwino sadzakwiya nawo mafunsowa, ndipo amene adzakwiya, adzakhala atatiuza kale zimene tifunika kudziwa.